Nyumba za zigawo zopangiratu ku Singapore

Nyumba za zigawo zopangiratu ku Singapore ndi nyumba zosanja zimene makoma, masitepe, mabafa ngakhalenso zipinda zake zathunthu zimaumbidwa kufakitale, kenako n'kunyamulidwa pa malole kupita pamalo omangapo kuti akazilumikize. Kamangidwe kameneka kanakhazikika m'zaka za m'ma 1980 pa ntchito za bungwe la boma loona za nyumba la Housing and Development Board, limene limadziwika ndi dzina lachidule loti HDB. Bungweli lamanga mafulati oposa 1 miliyoni, ndipo pafupifupi anthu 8 mwa 10 alionse amene ndi nzika kapena okhala mokhazikika m'dzikolo amakhala m'mafulati amenewa.

Singapore ndi dziko la pachilumba limene lonse ndi mzinda umodzi. Kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 730 ndipo muli anthu pafupifupi 6 miliyoni, choncho pa sikweya kilomita iliyonse pamakhala anthu pafupifupi 8,000. Chifukwa cha kuchepa kwa malo ndi kwa anthu ogwira ntchito yomanga, dzikoli linatengera kufakitale gawo lalikulu la ntchito yomanga. Njirayi yathandiza kuti nyumba zizitha msanga komanso ndi anthu ochepa. Koma kuti mabanja wamba azikwanitsa kugula mafulati, zimene zinathandiza kwambiri ndi malamulo a malo, ndondomeko ya kasungidwe ka ndalama ndi thandizo la boma.

Mbiri

M'nthawi ya ulamuliro wa Britain, anthu ambiri ku Singapore ankakhala mothithikana m'nyumba zakale za masitolo za m'kati mwa tauni, kapena m'midzi ya nyumba zamatabwa yotchedwa kampong, imene yambiri inalibe mipope ya madzi ndi zimbudzi zabwino. Bungwe la Singapore Improvement Trust, lomwe linakhazikitsidwa mu 1927, linamanga nyumba pafupifupi 23,000 zokha m'zaka 32, pamene anthu ankachulukirachulukira.

Dzikoli litayamba kudziyendetsera zinthu zam'kati mu 1959, boma la Lee Kuan Yew linakhazikitsa HDB pa 1 February 1960, ndipo wapampando wake woyamba anali Lim Kim San. Panthawiyo anthu 9 okha mwa 100 alionse ndi amene ankakhala m'nyumba za boma. Pa 25 May 1961 moto waukulu unawononga mudzi wa Bukit Ho Swee. Anthu anayi anafa ndipo pafupifupi 16,000 anasowa pokhala. Pasanathe chaka, HDB inali itamaliza midadada yoyamba pamalo omwe panapsapo. Pofika 1965 bungweli linali litamanga mafulati oposa 50,000. Mafulati oyambirirawa anali aang'ono ndi ofanana, ndipo ankamangidwa mwa njira yozolowereka, yothira konkire pamalo pomwepo.

HDB inayesa kamangidwe ka zigawo zopangiratu m'zaka za m'ma 1960 ndiponso m'zaka za m'ma 1970 pogwiritsa ntchito luso lochokera ku Ulaya, koma ntchitozo sizinayende bwino. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, chuma chitakula ndipo amisiri atayamba kusowa, bungweli linapereka makontirakiti akuluakulu kwa makampani akunja, kuphatikizapo a ku France, Japan ndi Australia, kuti amange mafulati masauzande ambiri ndi zigawo za kufakitale. Makampaniwa anabweretsa makina ndi luso, ndipo mainjiniya a m'dzikolo anaphunzirapo. Kenako HDB inakonza njira yakeyake yosakaniza, imene mbali zina za nyumba zimathiridwa pamalo pomwepo ndipo zina zimachokera kufakitale. Masiku ano pafupifupi 70 peresenti ya konkire yogwira nyumba pa ntchito za HDB imabwera itaumbidwa kale.

Mmene zigawo zimapangidwira

Chigawo chilichonse chimaumbidwa m'chikombole chachitsulo, mofanana ndi mmene njerwa imaumbidwira, kungoti chikombolecho chimakhala chachikulu ngati khoma lonse. Amisiri amayamba ayalamo zitsulo zolimbitsa, mapaipi odutsamo mawaya a magetsi ndiponso mafelemu a mawindo, kenako n'kuthira konkire. Konkireyo ikauma ndi kulimba, chigawocho amachichotsa, kuchiyeza ndi kuchilemba nambala yosonyeza mdadada ndi nsanjika imene chikapite. Chikombole chimodzi chimagwira ntchito kambirimbiri, ndipo apa ndi pamene pamachokera phindu la njirayi: zigawo zofanana zikachuluka, mtengo wa chikombole umagawikana pa nyumba zambiri.

Zigawo zofala kwambiri ndi makoma akunja okhala ndi mawindo kale, makoma ogawa zipinda, mizati, masitepe, matabwa a konkire oyala pansi pa nsanjika, ngalande zotayiramo zinyalala ndi matanki a madzi. Palinso chipinda chobisalamo pa nthawi ya nkhondo, chomwe malamulo amafuna kuti chizipezeka m'nyumba zatsopano kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Chipindachi chimakhala ndi makoma ochindikala ndi chitseko chachitsulo, ndipo nthawi zambiri chimaumbidwa kufakitale ngati bokosi limodzi. Mabanja ambiri amasungiramo katundu.

Pamalo omangapo, makina aatali onyamula zolemera otchedwa crane amakweza chigawo chilichonse n'kuchikhazika pamalo pake. Zitsulo zotulukira m'mbali mwa zigawo zoyandikana zimakolekedwa pamodzi, ndipo mpata wotsala amautseka ndi simenti yolimba kwambiri. Polumikizira ndi pamene pamafunika chisamaliro chachikulu, chifukwa ndi pamene madzi amvula angalowere, komanso ndi pamene nyumba ingafookere ngati ntchito sinagwiridwe bwino.

Popeza malo omangapo mafakitale nawonso ndi ochepa, zigawo zambiri zimaumbidwa kutsidya kwa malire, m'chigawo cha Johor ku Malaysia, n'kubwera pa malole. Boma linalimbikitsanso mafakitale osanja m'dziko momwemo, monga a ku Kaki Bukit ndi ku Defu, amene amagwiritsa ntchito makina odziyendetsa okha pa malo ochepa.

Zipinda zathunthu

Kuyambira m'zaka za m'ma 2010, dzikoli linayamba kulimbikitsa njira yotchedwa Prefabricated Prefinished Volumetric Construction, mwachidule PPVC. M'njira imeneyi, chimene chimachokera kufakitale si khoma limodzi koma chipinda chonse chokhala ngati bokosi, chili ndi pansi, makoma ndi denga. M'kati mwake amakhala ataikamo kale matailosi, penti, mawindo, mawaya a magetsi ndi mapaipi a madzi. Mabokosi angapo akalumikizidwa amapanga fulati imodzi, ndipo akasanjikizidwa amapanga mdadada. Bafa nalonso limatha kupangidwa palokha ngati bokosi, n'kuyesedwa ngati silikudontha lisanachoke kufakitale.

Kukula kwa bokosi kumatengera msewu. Kuti lole iyende popanda kuperekezedwa ndi apolisi, katundu wake sayenera kupitirira mamita 3.4 m'lifupi, ndipo kutalika kwake kuchokera pansi, kuphatikizapo loleyo, sikuyenera kupitirira mamita 4.5. Bokosi la konkire likhoza kulemera matani 25 mpaka 35, choncho pamafunika crane yamphamvu kuposa ya pa ntchito wamba. Zimenezi zikutanthauza kuti wojambula mapulani amayamba waganizira za lole ndi crane asanaganizire za maonekedwe a chipinda.

Bungwe loyang'anira ntchito zomanga la Building and Construction Authority ndi limene linatsogolera njirayi. Kuyambira chakumapeto kwa 2014, makampani ogula malo ena osankhidwa a boma amalamulidwa kumanga ndi PPVC pa gawo losachepera 65 peresenti ya nyumbayo. Bungweli limanena kuti njirayi ikhoza kuchepetsa antchito ndi nthawi ndi 40 peresenti, malinga ndi mtundu wa ntchito. Mu 2017 HDB nayo inalengeza kuti pofika 2019 mafulati ake atsopano azikhala ndi mabafa a kufakitale, ndipo 35 peresenti ya ntchito zake zatsopano zizimangidwa ndi PPVC. Imodzi mwa ntchito zake zoyambirira za mtundu umenewu ndi Valley Spring ku Yishun.

Nyumba zazitali kwambiri zomangidwa mwa njirayi si za boma koma za makampani ogulitsa nyumba. Clement Canopy, imene inatha mu 2019, ili ndi midadada iwiri ya nsanjika 40 ndi mafulati 505, ndipo inamangidwa ndi mabokosi 1,899 amene anaumbidwa ku Senai m'dziko la Malaysia n'kumalizidwa m'kati ku Tuas m'dziko la Singapore. Avenue South Residence, imene inatha mu 2023, ili ndi midadada iwiri ya nsanjika 56 yotalika mamita 192. Nyumba zonsezi zimagulitsidwa pa mtengo wa pamsika, wokwera kwambiri kuposa wa mafulati a HDB. Izi zikusonyeza kuti kumanga ndi mabokosi pakokha sikutsitsa mtengo wa nyumba kwa wogula.

Mtengo ndi kagulidwe

M'mizinda yothinana, chimene chimakweza mtengo wa nyumba kwambiri ndi malo. Lamulo la Land Acquisition Act la 1966 linapatsa boma mphamvu yotenga malo a anthu pa ntchito zothandiza dziko, ndipo kwa zaka zambiri chipukutamisozi chake chinali chotsika poyerekeza ndi mtengo wa pamsika. Mu 1960 boma linali ndi malo osakwana theka la dzikolo, koma lero lili ndi pafupifupi 90 peresenti. Chifukwa cha zimenezi, HDB imatha kukonza tauni yonse nthawi imodzi, monga Toa Payoh, Ang Mo Kio, Tampines ndi Punggol, ndipo mafakitale amadziwa kuti oda ya zigawo zofanana ipitirira kwa zaka zambiri.

Ndondomeko yogulitsa mafulati kwa anthu inayamba mu 1964. Mu 1968 boma linalola anthu kulipirira nyumba ndi ndalama zimene amasunga m'thumba la Central Provident Fund, lomwe wantchito aliyense amene ndi nzika kapena wokhala mokhazikika amakakamizidwa kuikamo ndalama. Kwa wantchito wosapitirira zaka 55, iye amaikamo 20 peresenti ya malipiro ake ndipo bwana wake amawonjezera 17 peresenti. Gawo la ndalamazi likhoza kulipira chikole ndi ngongole ya mwezi ndi mwezi, choncho mabanja ambiri amabweza ngongole ya nyumba osakhudza kwambiri ndalama imene amalandira pamanja. Ngongole ya HDB yakhala pa chiwongoladzanja cha 2.6 peresenti kwa zaka zoposa 20. Lero pafupifupi mabanja 9 mwa 10 alionse a nzika ndi okhala mokhazikika ali ndi nyumba yawoyawo.

Mafulati atsopano amagulitsidwa motsika kuposa mafulati ofanana nawo ogulitsidwa ndi eni ake, ndipo mabanja opeza zochepa amene akugula koyamba amalandiranso thandizo la ndalama. Mu 2024 thandizo lina lalikulu la mtundu umenewu linakwezedwa kuchoka pa madola a ku Singapore 80,000 kufika pa 120,000. HDB imawononga ndalama zambiri kuposa zimene imapeza, ndipo boma limakwirira kusiyanako chaka ndi chaka. Mabanja osaukitsitsa amapatsidwa mafulati aang'ono a lendi yotsika.

Fulati ya HDB imagulitsidwa pa lizi ya zaka 99, ndipo zakazo zikatha imabwerera ku boma. Kukula kwake kumatchulidwa ndi chiwerengero cha zipinda kuphatikizapo pabalaza. Fulati ya zipinda zitatu imakhala pafupifupi masikweya mita 65, ya zinayi pafupifupi 90, ndipo ya zisanu pafupifupi 110. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, mafulati ambiri atsopano amagulitsidwa m'ndondomeko ya Build-To-Order, imene anthu amalembetsa nyumba isanamangidwe n'kudikira zaka zitatu mpaka zisanu. Wogula amayenera kukhala m'nyumbamo zaka zosachepera zisanu asanaigulitse. Kuyambira October 2024, mafulati a m'malo abwino kwambiri, otchedwa Plus ndi Prime, amafuna zaka 10.

Chilengedwe

Kumanga ndi zigawo za kufakitale kumachepetsa zinyalala. Zikombole zachitsulo zimalowa m'malo mwa matabwa ndi pulayiwudi zimene zimatayidwa zikagwira ntchito kangapo, ndipo konkire ndi zitsulo zimayezedwa molondola. Pamalo omangapo pamakhala fumbi ndi phokoso lochepa, zomwe ndi zofunika kwambiri m'tauni imene mdadada watsopano umamangidwa pafupi ndi mawindo a anthu ena. Antchito ochepa amagwira ntchito pamwamba, choncho ngozi zakugwa zimachepa.

Komabe zigawo zambiri ndi za konkire, ndipo kupanga simenti kumatulutsa pafupifupi 7 mpaka 8 peresenti ya mpweya wa carbon dioxide umene anthu amatulutsa padziko lonse. Mabokosi awiri akagundana amakhala ndi makoma awiri pamene nyumba wamba ikanakhala ndi limodzi, choncho opanga amayesetsa kuchepetsa kuchindikala kwa makomawo. Singapore imagulanso kunja pafupifupi zipangizo zake zonse zomangira. Indonesia italetsa kugulitsa mchenga kunja kumayambiriro kwa 2007, mtengo wa konkire unakwera kwambiri, ndipo boma linatulutsa mchenga wa m'nkhokwe zake komanso kulimbikitsa kugwiritsanso ntchito zigumu za nyumba zogwetsedwa.

Mbali yaikulu ya kusamala chilengedwe imachokera ku kakonzedwe ka matauni. Midadada imamangidwa pafupi ndi masiteshoni a sitima ndi mabasi, misika, masukulu ndi zipatala, kuti anthu asamadalire galimoto. Makonde ake amakhala otseguka kuti mphepo izidutsa, ndipo pansi pa midadada yambiri pamasiyidwa bwalo lopanda makoma, lotchedwa void deck, pamene pamachitikira maukwati, maliro ndi macheza. Mu 2010 HDB inamaliza Treelodge ku Punggol, malo ake oyamba okonzedwa mwapadera kuti asunge magetsi ndi madzi. Mu 2014 inayamba ndondomeko ya SolarNova yoika sola pamadenga, imene magetsi ake amayendetsa zikepe, mababu a m'makonde ndi mapampu a madzi. M'tauni yatsopano ya Tengah, mabanja amatha kusankha kulumikizidwa ku makina oziziritsa a mdadada wonse m'malo mogula awoawo, ngakhale ena mwa oyamba kulowamo anadandaula za kudontha kwa madzi.

Mavuto ndi madandaulo

Kudalira mafakitale a kunja kunaonetsa kuopsa kwake pa mliri wa Covid-19. Malaysia itakhazikitsa malamulo oletsa kuyenda pa 18 March 2020, ndipo Singapore itatseka ntchito zambiri kuyambira pa 7 April chaka chomwecho, zigawo zinachedwa kufika ndipo ntchito zomanga zinaima. Mafulati ambiri a Build-To-Order anachedwa ndi miyezi yambiri, ena kupitirira chaka, ndipo mabanja achinyamata anapitiriza kukhala kwa makolo kapena kulipira lendi.

Anthu ambiri amene amamanga nyumbazi ndi alendo ochokera ku Bangladesh, India, China ndi mayiko ena a ku Asia. Iwo saloledwa kugula mafulati a HDB, ndipo ambiri amagona m'nyumba zikuluzikulu za antchito, anthu ambiri m'chipinda chimodzi. Mu 2020 ambiri mwa anthu amene anapezeka ndi Covid-19 ku Singapore anali okhala m'nyumba zimenezi, ndipo pambuyo pake boma linakhwimitsa malamulo a kukula ndi ukhondo wa malowa.

Mitengo ya mafulati ogulitsidwa ndi eni ake yakhala ikukwera. Mu 2012 fulati ya HDB inagulitsidwa koyamba pa madola a ku Singapore 1 miliyoni, ndipo m'zaka za m'ma 2020 malonda otere achuluka. Boma limafuna zinthu ziwiri zimene zimakokana: kuti nyumba ikhale yotsika mtengo kwa wogula koyamba, komanso kuti ikhale chuma chimene mwini wake angadalire akakalamba. Palinso nkhawa ya mafulati akale amene zaka za lizi yake zikuchepa. Ndondomeko ya Selective En bloc Redevelopment Scheme, imene inayamba mu 1995, inagwetsa midadada ina yakale n'kupatsa eni ake mafulati atsopano, koma inakhudza midadada yochepa chabe. Anthu osakwatira nawonso amadandaula chifukwa amaloledwa kugula fulati paokha akafika zaka 35.

Pa kamangidwe penipeni, njira ya mabokosi imafuna ndalama zambiri poyambira, malo osungirapo zigawo ndiponso kuti mapulani onse athe ntchito isanayambe, chifukwa kusintha chinthu chikombole chitapangidwa kale kumadya ndalama. M'zaka zoyambirira PPVC inkadula kuposa kamangidwe wamba. Makoma ambiri a bokosi amanyamula nyumba, choncho mwini fulati sangawagumule kuti akulitse chipinda.

Kuyerekeza ndi mizinda ina

Kumanga nyumba za anthu ambiri ndi zigawo za konkire kunafala ku Ulaya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, makamaka ku Soviet Union, East Germany, France ndi Britain. Ku London, mbali ya mdadada wa Ronan Point wa nsanjika 22 inagwa pa 16 May 1968 gasi ataphulika m'fulati ina, ndipo anthu anayi anafa. Kafukufuku anapeza kuti polumikizira zigawo panali pofooka, ndipo ngoziyi inachititsa kuti malamulo omangira asinthidwe komanso kuti anthu a ku Britain asiye kukhulupirira njirayi kwa zaka zambiri. M'mayiko angapo midadada yotere inamangidwa kutali ndi ntchito n'kusiyidwa osakonzedwa. Singapore inasiyana nawo chifukwa imakonzanso midadada yakale nthawi ndi nthawi, kuphatikizapo kuwonjezera zikepe zoima pa nsanjika iliyonse ndi kusintha mapaipi, ndiponso chifukwa m'mafulati ake mumakhala anthu opeza mosiyanasiyana, osati osauka okha. Kuyambira 1989 palinso lamulo loika malire a chiwerengero cha mabanja a mtundu umodzi mu mdadada uliwonse, kuti anthu a makolo ochokera ku China, Amalay ndi Amwenye azikhala mosakanikirana.

Hong Kong, mzinda winanso wothinana kwambiri, inayamba kulimbikitsa njira yofanana ndi PPVC, yotchedwa Modular Integrated Construction, chakumapeto kwa zaka za m'ma 2010. Mabokosi ake ambiri amapangidwa m'chigawo cha Guangdong ku China. Mu 2020 mzindawu unatsegula Nam Cheong 220 ku Sham Shui Po, nyumba zongoyembekezera za mabanja amene akudikira nyumba za boma, zopangidwa ndi mabokosi achitsulo oti angathe kuphwasulidwa n'kukamangidwanso kwina.